MAFUPA AKAFUMBWA: KODI MANKHWALA OYENERA NDI ATI?

Si cacilendo m'zipatala za m'makomboni a Lusaka kuona mai wacikulire atabwera naye pa wilibala kapena pa takisi atathyoka mkono kapena fupa la m'ciuno. Akafunsidwa cimene cacitika, yankho likhala lakuti anaterereka pa matope popita kucimbudzi, kapena anapunthwa pa mwala pocokera kumsika. Kugwa kotere mwana wa sukulu angodzuka ndi kusasa fumbi. Koma kwa ambuya a zaka 60 kapena 70, fupa lithyoka ngati phesi louma.

Madokotala achula bvuto limeneli kuti osteoporosis. Mafupa apepuka ndi kukhala ndi timibowo tambirimbiri mkati, monga mtanda wa denga umene wafumbwa: kunja uoneka wabwino, koma ukalemedwa pang'ono ugonja. Matendawa agwira kwambiri azimai amene anasiya kusamba, ngakhale kuti azibambo acikulire nawonso awadwala.

Wodwala akauzidwa za matendawa ndi kulemberedwa mankhwala, pabanja pabuka mafunso. Wina awerenga kapepala ka m'bokosi ndi kupeza kuti mankhwalawo angaononge nsagwada. Wina amva pa foni kuti athyola mafupa m'malo mowalimbitsa. Mapeto ake mapiritsi aikidwa pansi pa bedi. Nkhawa zimenezi zili ndi maziko, koma ziyenera kuikidwa pa sikelo pamodzi ndi ngozi ya kusamwa mankhwala.

Mmene matendawa adziwikira

Mu 1994 bungwe la World Health Organization linaika muyeso wodziwira matendawa. Makina ochedwa DXA apima kulimba kwa mafupa a msana ndi a m'ciuno, ndipo apereka nambala yochedwa T-score. Nambalayo ikakhala -2.5 kapena kutsika kuposa apo, munthuyo ali ndi osteoporosis.

Makina amenewa ndi ocepa m'dziko muno, motero ambiri adziwika fupa litathyoka kale. Munthu wa zaka zoposa 50 akathyoka fupa la m'ciuno kapena la msana cifukwa ca kugwa ali ciimire cabe, umenewo ndi umboni wokwanira woyambira mankhwala ngakhale popanda DXA. Zizindikiro zina ndi kupindika msana ndi kufupika msinkhu ndi masentimita 4 kapena kuposa.

Koma si msana uliwonse wopindika umene uli ndi osteoporosis. TB ya m'msana ndiponso khansa ina ya m'mafupa zioneka mofanana. N'cifukwa cake makiliniki monga a Kalingalinga, Mtendere ndi George atumiza odwala otere ku zipatala zokulirapo kukajambula X-ray ndi kupima magazi. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakuzidwa mothandizidwa ndi boma la Japan kuti zizigwira nchito zotere pafupi ndi anthu, ndipo zikakanika zitumiza ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa.

Ngozi ya kungokhala

Bungwe la International Osteoporosis Foundation liti pa dziko lonse mzimai mmodzi mwa 3 alionse a zaka zoposa 50 adzathyoka fupa kaamba ka matendawa, ndipo mwa azibambo ndi mmodzi mwa 5. Kale anthu anali kuganiza kuti awa ndi matenda a azungu okha. Kufufuza kwa ku South Africa kunaonetsa kuti azimai acikuda nawonso athyoka mafupa a msana mosasiyana kwenikweni ndi azimai acizungu.

Fupa la m'ciuno ndilo loopsa koposa. Mwa anthu 5 amene athyoka fupa limeneli, mmodzi kapena kuposerapo amwalira caka cisanathe, kawirikawiri cifukwa ca cibayo, zilonda za pa mphasa ndi kuundana kwa magazi. Ambiri mwa otsalawo sayendanso monga kale. Pabanja la m'komboni izi zitanthauza kuti mwana wamkazi aleka kugulitsa ku Soweto kuti azisamalira amai ake, ndipo adzukulu amene anali kuleredwa ndi ambuya asowa wowayang'anira.

Cina cofunika kudziwa n'cakuti fupa limodzi likathyoka, ngozi yothyoka lina iwirikiza kawiri, makamaka m'zaka 2 zoyambirira. Pulasitala ya pa mkono ndi cenjezo. Nthawi yabwino yoyamba mankhwala ndi yomweyo, osadikira ciuno.

Piritsi la kamodzi pa sabata

Mankhwala amene ambiri ayamba nawo ndi alendronate, amene anabvomerezedwa ku America mu 1995. Ali m'gulu lochedwa bisphosphonate. M'thupi muli timaselo tina togumula fupa lakale ndi tina tomanga latsopano. Munthu akakalamba, togumula tiposa tomanga. Alendronate acedwetsa togumulato kuti tomanga tipeze mpata. Kufufuza kwakukulu kumene kunafalitsidwa mu 1996 kunapeza kuti kwa azimai amene anathyokapo kale msana, mankhwalawa acepetsa kuthyoka kwa msana ndi ciuno ndi pafupifupi theka.

Piritsi la 70 mg limwedwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzimodzi. Malamulo ake ndi okhwima. Limwedwa m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi abwino, osati tiyi, mkaka kapena maheu. Piritsilo limezedwa lathunthu. Pambuyo pake wodwala akhale tsonga kapena aimirire kwa mphindi 30 popanda kudya kapena kumwa mankhwala ena. Kubwerera pa bedi kapena kuwerama kusesa pabwalo m'mphindi zimenezi kubweza mankhwala kummero, kumene angaoche ndi kupanga zilonda.

Bvuto lofala la mankhwalawa ndi cilungulira ndi kupweteka m'mimba. Munthu amene abvutika kumeza, amene ali ndi zilonda za m'mimba zimene sizinapole, kapena amene sangathe kukhala tsonga kwa mphindi 30, sayenera kumwa alendronate. Cimodzimodzinso amene impso zake zafooka kwambiri, mzimai wapakati ndi woyamwitsa. Wodwala akamva kuwawa pomeza kapena kutentha kwambiri pa cifuwa, aleke kumwa ndi kubwerera kucipatala msanga.

Nsagwada ndi nchafu

Pali zoopsa ziwiri zimene ziopseza anthu koposa zonse. Coyamba ndi cilonda ca fupa la nsagwada cimene sicipola, cimene madokotala anayamba kucilemba mu 2003. Cicitika makamaka kwa odwala khansa amene alandira mankhwala a gulu lomweli pa mlingo waukulu kwambiri. Kwa amene amwa mapiritsi kaamba ka osteoporosis, cigwira munthu mmodzi mwa 10,000 mpaka mmodzi mwa 100,000 pa caka. Kawirikawiri ciyamba dzino litazulidwa. Cotero wodwala amene ali ndi mano owola aonane ndi dokotala wa mano asanayambe mankhwala, ndipo amene ali kale pa mankhwala anene zimenezi asanazulitse dzino.

Caciwiri ndi kuthyoka kwacilendo kwa fupa la nchafu, kumene kuoneka mwa anthu ocepa amene amwa mankhwalawa zaka zambiri. Mu 2020 magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa zimene anapeza pa azimai pafupifupi 200,000 ku California. Mwa azimai acizungu 10,000 amene anamwa mankhwalawa zaka 3, mafupa a m'ciuno 149 anapulumuka, pamene mafupa a nchafu amene anathyoka kaamba ka mankhwala anali 2. Mwa azimai ocokera ku Asia anali 91 opulumuka ndi 8 othyoka. Ku mbali zonse ziwiri phindu linaposa ngozi kutali.

Kawirikawiri kuthyoka kumeneku kucenjeza kusanacitike. Wodwala amva kuphwanya kosalekeza m'nchafu kapena m'mphecepece kwa masabata angapo. Akamva zotere apite kukajambulitsa nchafu zonse ziwiri.

Popeza ngoziyi ikula ndi zaka, alendronate samwedwa moyo wonse mosaunikanso. Pakapita zaka 5 dokotala ayang'ananso. Ngati wodwala sanathyokenso fupa, angapumule caka cimodzi, 2 kapena 3, cifukwa mankhwalawa atsalira m'mafupa ndi kupitiriza kugwira nchito. Amene ngozi yake ikali yaikulu angapitirize kufikira zaka 10.

Dripu ya kamodzi pa caka

Amene m'mimba mwake mukana mapiritsi, kapena amene aiwala-iwala, angalandire zoledronic acid. Mankhwalawa a 5 mg alowa mu mtsempha ndi dripu kwa mphindi zosacepera 15, kamodzi pa caka. Kufufuza kwa mu 2007 kunaonetsa kuti m'zaka 3 anacepetsa kuthyoka kwa msana ndi 70 peresenti, ndi kwa ciuno ndi 41 peresenti.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa 3 amva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mafupa kwa masiku 2 kapena 3 atalandira dripu yoyamba. Zizindikirozi zifanana ndi malungo, motero a m'banja adziwiretu. Panado athandiza, koma kutentha kukapitirira ndi bwino kukapimitsa malungo. Dripu isanaikidwe afunika kupima impso ndi calcium wa m'magazi, ndipo wodwala amwe madzi okwanira tsikulo. Pakatha zaka 3 dokotala aunikanso ngati pafunika kupumula.

Nyeleti imene siilekedwa mwadzidzidzi

Denosumab, amene anabvomerezedwa mu 2010, ndi nyeleti ya 60 mg yolasa pansi pa khungu miyezi 6 iliyonse. Agwira bwino nchito, ndipo angaperekedwe kwa ena amene impso zao sizilola alendronate, ngakhale kuti kwa amene impso zinaonongeka kwambiri angatsitse calcium wa m'magazi moopsa.

Msampha wake uli pa kuleka. Mankhwalawa satsalira m'mafupa. Nyeleti ikacedwa kupitirira mwezi umodzi, mafupa ayamba kugumuka mofulumira kuposa poyamba, ndipo ena athyoka mafupa a msana angapo pa nthawi imodzi. Amene afuna kuleka ayenera kusamukira ku alendronate kapena ku dripu.

Apa ndi pamene banja liyenera kunena zoona. Denosumab ndi wodula ndipo asungidwa mu firiji, cinthu cobvuta kumene malaiti azima kawirikawiri. Ngati mwana wa ku Joni kapena ku UK watumiza ndalama za nyeleti imodzi koma za yaciwiri sizidziwika, ndi bwino kusayamba n'komwe ndi kusankha mapiritsi amene banja lingakwanitse mwezi ndi mwezi.

Palinso mankhwala omanga fupa latsopano, monga teriparatide wolasa tsiku ndi tsiku ndi romosozumab wolasa mwezi ndi mwezi kwa caka cimodzi. Awa ndi odula koposa, ndipo asungidwira odwala amene athyoka mafupa ambiri. Romosozumab saperekedwa kwa amene anadwala sitiroko kapena mtima posacedwa.

Nanga mahomoni?

Mzimai akasiya kusamba, homoni ya oestrogen icepa, ndipo ndiyo inali kuchinjiriza mafupa. Mapiritsi obwezera homoniyi alimbitsadi mafupa. Koma mu 2002 kufufuza kwa Women's Health Initiative ku America kunaimitsidwa msanga ataona kuti mwa azimai amene anali kumwa mahomoni a mitundu iwiri, khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zinaculukirako. Masiku ano madokotala aona kuti mahomoni angayenere mzimai wa zaka zosafika 60, amene wasiya kusamba m'zaka 10 zapitazi ndipo abvutika ndi kutentha thupi usiku. Kwa ambuya a zaka 70, kapena kwa amene anadwalapo khansa ya m'mawere, si njira yabwino.

Mankhwala amene ali kale m'nyumba

Posankha mankhwala a mafupa, dokotala afunika kuona zonse zimene wodwala amwa. Ndi bwino kupita nazo zonse m'pulasitiki, ngakhale zogula pa kantemba.

Oyamba ndi ma ARV. Kacirombo ka HIV pakokha kafooketsa mafupa, ndipo m'zaka 2 zoyambirira za mankhwala mafupa apepuka ndi 2 mpaka 6 peresenti. Tenofovir wa mtundu wa TDF, amene ali m'piritsi la TLD, aonjezerako pang'ono. Izi si cifukwa colekera ma ARV ai. Kuleka kupha msanga kuposa fupa lililonse. Amene wapezeka ndi osteoporosis auze a ku ART, cifukwa kuli tenofovir wa mtundu wina wochedwa TAF, amene ali m'piritsi la TafED, wosalemetsa kwambiri mafupa ndi impso. Iwo ndiwo angaone ngati kusintha n'koyenera.

Palinso mfundo ina imene ambiri saidziwa. Mapiritsi a calcium agwira dolutegravir m'mimba ndi kumulepheretsa kulowa m'magazi. Motero ARV amwedwe maola 2 calcium asanamwedwe, kapena maola 6 pambuyo pake, kapena zonse pamodzi ndi cakudya.

Aciwiri ndi prednisolone ndi dexamethasone. Amene amwa mankhwalawa miyezi 3 kapena kuposa kaamba ka mphumu kapena nyamakazi ali pa ngozi yaikulu yothyoka msana. Sayenera kuleka mwadzidzidzi cifukwa kutero n'koopsa, koma apemphe dokotala kuti aone ngati mlingo ungatsike. Amene agula mapiritsi amenewa pofuna kunenepa adziwe kuti thupi litukumuka kunja pamene mafupa afumbwa mkati.

Acitatu ndi nyeleti yolera ya miyezi 3, ya Depo-Provera. Ipepula mafupa pang'ono, ndipo kwa ambiri abwerera mwakale akaleka. Mzimai wathanzi asaope kulera nayo. Koma amene wapitirira zaka 45, kapena anathyokapo fupa popanda ngozi yaikulu, akambirane ndi anesi za njira ina.

Acinai ndi mankhwala opha ululu monga diclofenac, Brufen ndi Indocid. Awa salimbitsa fupa ngakhale pang'ono. Akamwedwa tsiku ndi tsiku aononga impso ndi m'mimba, ndipo pamodzi ndi alendronate ngozi ya zilonda ikula.

Calcium yekha sakwanira

Ambiri akamva za mafupa athamangira kugula mabotolo a calcium. Calcium ndi vitamini D ali ngati njerwa ndi simenti: mankhwala sangamange popanda izo, koma kwa munthu amene wathyoka kale fupa, izo zokha sizikwanira kuletsa lina kuthyoka.

Munthu wacikulire afunika 1,000 mpaka 1,200 mg ya calcium pa tsiku, ndipo ndi bwino kuti yambiri icokere m'mbale. Nsima ili ndi calcium wocepa kwambiri. Kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu ndi cisense ali naye wambiri cifukwa adyedwa ndi minga yomwe. Kapu ya mkaka kapena ya mabisi ipereka pafupifupi 300 mg. Bondwe, repu, cibwabwa, nyemba ndi soya nazonso zithandiza. Vitamini D apangika khungu likaombedwa ndi dzuwa, motero ambuya amene agona m'nyumba tsiku lonse azitulutsidwa panja. Mapiritsi a calcium akaculukitsa amanga m'mimba ndipo angabweretse miyala mu impso. Asamwedwe nthawi imodzi ndi alendronate.

Fodya ndi mowa wambiri zifooketsa mafupa. Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku kulimbitsa miyendo. Koma kusenza cigubu ca malita 20, cimene cilemera makilogalamu 20, pa msana wofumbwa ndi kuitana ngozi. Nchito imeneyo ndi ya adzukulu. Nthawi ya mvula, makamaka ku Kanyama ndi ku Chawama kumene madzi adzala m'njira, wacikulire ayende ndi ndodo, abvale nsapato zogwira phazi m'malo mwa mapatapata, ndipo akhale ndi toci pafupi ndi bedi. Maso osaona bwino apimidwe, cifukwa kugwa kwambiri kuyambira pamenepo.

Zokambirana ndi dokotala

Palibe mankhwala amodzi oyenera aliyense. Mai wa zaka 62 amene wathyoka mkono, impso ndi m'mimba zili bwino, angayambe ndi alendronate. Ambuya a zaka 78 amene anathyoka ciuno ndipo sangakhale tsonga angapindule ndi dripu. Bambo amene ali pa prednisolone kapena pa ma ARV afunika kuunika mankhwala ake akale coyamba.

Wodwala asacite manyazi kufunsa, ndipo ndi bwino kupita ndi mwana kapena mdzukulu wodziwa kulemba. Afunse ngati impso ndi calcium zapimidwa. Anene za cilungulira ndi za mano. Afunse kuti mankhwalawo adzamwa zaka zingati, adzabweranso liti, ndipo cidzacitika n'ciani akaleka. Afunsenso mtengo wa caka cathunthu, osati wa bokosi limodzi, ndipo amene ali pa NHIMA afunse ngati mankhwalawo kapena kupimako kuli pa ndandanda. Mankhwala agulidwe m'sitolo ya mankhwala yolembetsedwa ndi ZAMRA, osati pa msewu kapena mu basi.

Osteoporosis sapweteka kufikira tsiku limene fupa lathyoka, ndipo mankhwala ake samveka m'thupi pamene agwira nchito. N'cifukwa cake ambiri aleka caka cisanathe, poganiza kuti palibe cimene cisintha. Cizindikiro cakuti mankhwala agwira n'cakuti zaka zipita ambuya akali kuyenda okha kupita kumsika ndi kuchalichi. Amene mankhwala amubvuta asawaleke mwakacetecete. Abwerere kucipatala ndi bokosi lake m'manja, popeza njira zilipo zingapo ndipo imodzi ikakana ina ingayenere.